Ndiyambe ndi chiti, mtunda kapena liwiro?

Anzanga othamanga, ndithandizeniko nzeru. Ndayamba kumene kuthamanga ndipo ndikufuna ndizikwanitsa makilomita 5 osaima. Panopa ndimathamanga pang'ono kenako n'kuyenda, koma ndikangowonjezera liwiro mpweya umandithera.

Malangizo amene ndikumva akundisokoneza. Ena akuti woyamba kumene azithamanga pang'onopang'ono, pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake osapuma wefuwefu, ndipo mtunda wa pa sabata asamauwonjezere kupitirira 10 peresenti. Akuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga kusiyana ndi mafupa ndi minyewa, n'chifukwa chake opupuluma amavulala. Zikumveka ndithu, koma kunena zoona liwiro limeneli limachititsa manyazi, munthu woyenda mwandawala akhoza kukupitirira! Ena akuti liwiro silibwera lokha: kamodzi pa sabata uzithamanga mwamphamvu mamita 400, komwe ndi kuzungulira bwalo la mpikisano kamodzi, n'kupuma, n'kubwerezanso kangapo. Kodi zimenezi munthu amayamba liti? Ayambe wakwanitsa kaye mphindi 30 osaima, kapena zonse zingayendere limodzi?

Chinanso n'chakuti misongolo imandiwawa tsiku lotsatira, makamaka ndikathamanga pamsewu wa phula. Kodi ndi ululu woti thupi lizolowera, kapena ndisiye kaye mpaka upole? Vuto lingakhale nsapato kapena kulimba kwa msewu?

Inu amene munadutsamo, mumapuma masiku angati pa sabata, ndipo pa masikuwo mumangokhala kapena mumalimbitsa miyendo mwanjira ina?