Ntchafu zanga ndi zikuluzikulu, nanga kamnyamata kowonda kanandisiya bwanji pa chitunda?

Madala a Kabaza, Chinamwali:

Moni nonse. Ine ndimapalasa kabaza kuno ku Zomba, chaka chino n'chachisanu ndi chinayi. Anthu ndimanyamula, koma ndalama yooneka imachokera pa katundu: chimanga, makala, nthawi zina simenti. Njinga yanga ndi zakuda zachikale zija, yopanda magiya, kaliyala wowotcherera. Matumba awiri a makilogalamu 50 ndimachoka nawo ku Songani mpaka m'tauni, kutsika pamalo amodzi okha.

Lamulungu lapitali ndinati ndidziyese pa msewu wokwera ku Chawe, njinga ilibe kanthu kumbuyo. Chapakati kanandipeza kamnyamata ka sekondale, timiyendo ngati bango, kali pa njinga ya magiya ya pakaunjika. Mapazi akungoti zunguliru zunguliru, kanandidutsa n'kupereka moni, "mwaswera madala," mawu ali bwinobwino osamveka wefuwefu. Ine apo n'kuti ndaimirira, mahandulo ndikukoka ngati ndikuzula chitsa, ntchafu zikuyaka. Ndinatsika n'kuyamba kukankha.

Ndiye odziwanu ndithandizeni. Kamwana kameneka sikangasunthe thumba limodzi, ntchafu yanga imodzi ndi chiuno chake. Mphamvu zanga zinapita kuti? Chinanso, bondo lakumanja layamba kundiwawa kutsogolo, makamaka ndikakhala pansi nthawi yaitali n'kudzuka. N'kukalamba kodi? Ndili ndi zaka 38 zokha.

Aphunzitsi a Fizikisi, Ntcheu:

Madala, mphamvu zanu zilipo, sizinapite kulikonse. Kungoti m'Chichewa mawu akuti mphamvu timakolera zinthu ziwiri. Pali kuponda molimba, komwe inu mumaposa tonse pano. Palinso kuchuluka kwa ntchito imene mwendo ukugwira pa sekondi iliyonse, imene timayeza m'mawati, omwe aja amalembedwa pa babu. Mawati amabwera mukachulukitsa kulimba kwa kuponda ndi liwiro limene phazi likuzungulira nalo. Woponda pang'ono koma mofulumira angafanane ndi woponda kwambiri koma mochedwa.

Tiyeni tiwerengere pa njinga yanuyo. Ndikuganiza kuti sipuloketi, chitsulo cha mano chokoka tcheni chija, kutsogolo ili ndi mano 44, kumbuyo 18, gudumu la mainchi 28. Mukazungulitsa pedulo kamodzi mumayenda mamita pafupifupi 5.4. Pa chitunda mukamayenda makilomita 6 pa ola, ndiye kuti mapazi akuzungulira ka 19 kokha pa mphindi. Tiike kuti inuyo mumalemera makilogalamu 65, njinga 22, matumba awiri aja 100, ndipo msewu ukukwera mamita 5 pa mamita 100 alionse. Pamenepo pakufunika mawati pafupifupi 180. Si ambiri kwenikweni. Koma poti mapazi akuyenda pang'onopang'ono chonchi, muyenera kukanikiza pedulo ndi mphamvu yonga makilogalamu 50 ndi kuposa pa mzungulo wonse. Vuto n'lakuti mwendo sukankha mofanana mzungulo wonse. Pedulo ikakhala pamwamba penipeni kapena pansi penipeni, palibe chimene mumapindula. Phindu lalikulu lili pamene yaloza kutsogolo, ngati muvi wa wotchi pa 3 koloko. Ndiye pamenepo mumayenera kuponda kuposa kulemera kwa thupi lanu, n'chifukwa chake mumaimirira n'kumakoka mahandulo. Mawati 180 omwewo, munthu wozungulitsa ka 90 pa mphindi amawapeza ndi makilogalamu 11 okha pa pedulo.

Kamnyamata kanu kaja mwina kanali pa mano 28 kutsogolo, 28 kumbuyo, mamita awiri okha pa mzungulo. Pa makilomita 8 pa ola ndiye ka 65 pa mphindi, timapondedwe topepuka. Komanso pa chitunda chofunika ndi mawati pa kilogalamu iliyonse imene ukukweza, ndiye kuwonda kumathandiza. Taonani akatswiri okwera mapiri mu Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, ambiri ndi owonda ngati odwala, koma amatulutsa mawati cha m'ma 400, pafupifupi 6 pa kilogalamu, kwa theka la ola osafooka. A ntchafu zikuluzikulu ndi ena, othamanga mtunda waufupi. Robert Förstemann wa ku Germany, amene ntchafu zake zinatchuka dziko lonse, mu 2015 anamupalasitsa njinga yolumikiza ku makina ootchera buledi a mawati 700. Anakwanitsa mphindi imodzi ndi kanthu, kagawo kamodzi ka buledi n'kufiirira pang'ono, iye n'kugwa chagada.

Nachisale:

Aphunzitsi alongosola za kunja kwa khungu, ine ndionjezere za m'kati, poti ntchito yanga ndi yophunzitsa odwala mafupa ndi minofu kuyendanso.

Popalasa, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi minofu ya kutsogolo kwa ntchafu, imene imawongola bondo, ndi ya m'matako, imene imawongola chiuno. Ya kuseri kwa ntchafu imathandiza kukokera pedulo kumbuyo ikafika pansi, pomwe katumba ntchito yake yaikulu ndi kulimbitsa phazi kuti mphamvu isataike panjira. M'mnofu uliwonse muli timaulusi ta mitundu iwiri ikuluikulu. Tina n'tofiirira, todzala ndi timitsempha ta magazi, timakoka mofatsa koma tsiku lonse. Timadya mafuta ndi shuga pogwiritsa ntchito mpweya. Tina timakoka mwankhanza koma timatopa msanga. Thupi limayamba kutuma tofatsato, ndipo likaona kuti katundu wakula m'pamene limadzutsa tankhanza tija. Inu achimwene pa chitunda, ponda iliyonse mukudzutsa gulu lotopa msangali.

Palinso china chimene anthu sachiganizira. Mnofu ukakungika kwambiri umafinya mitsempha yake yomwe, magazi amadutsa bwino pokhapokha wamasuka. Pozungulira ka 19 pa mphindi, ntchafu imakhala itakungika nthawi yaitali pa ponda iliyonse, mpweya sulowa mokwanira, zotsalira sizichoka. Moto umene munamvawo ndi umenewo. Mnyamata uja ankakunga n'kumasula, kukunga n'kumasula, magazi akungoyenda; katundu anamusenzetsa mtima ndi mapapo, zomwe sizitopa msanga ngati ntchafu.

Za bondo sindingakuyezeni pa foni, koma mmene mwafotokozeramo zikufanana ndi zimene timaona kwa opalasa ambiri: kafupa kakutsogolo kwa bondo kamakanikizika kwambiri munthu akamaponda molimba bondo lili lopinda. Ndikufunseni, chishalo chanu chili pati? Akabaza ambiri amachitsitsa kuti azifikira pansi ndi mapazi onse poimika kasitomala. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uyenera kuwongoka. Mukabwezera phazi pamalo pake, bondo lipinde pang'ono chabe. Ndipo muziponda ndi kutsogolo kwa phazi, osati pakati ngati mukupondaponda dothi la njerwa. Bondolo likatupa, likamatentha kapena likamakana kuwongoka, musalimbane nalo, pitani kuchipatala.

Mjomba wa pa Shedi:

Za sukuluzo ndi zanu, koma magiya musamunamize nawo mkuluyu. Ndakonza njinga zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango, ndikudziwa. Tcheni cha njinga za magiya n'chopyapyala, masipoko ake ndi ofewa, muikepo matumba awiri muone ngati sabata itha. Kachitsulo kosinthira magiya kolendewera kumbuyo kaja kakangogunda mwala, kalowa m'masipoko, tsiku latha. Chimene ndimawachitira anyamata a makala n'chosavuta: kuchotsa sipuloketi ya 18 n'kuika ya 20 kapena 22, tcheni n'kuonjezera mfundo. Pa chigwa mudzaona ngati mukupalasa mphepo, anzanu azikudutsani, koma chitunda chimafewa. Ndiponso popani matayala. Ena mumabwera tayala lili phwa, mukudandaula miyendo.

Aphunzitsi a Fizikisi, Ntcheu:

Mjomba akunena zoona. Ya 22 imatsitsa mamita 5.4 aja kufika 4.4, ndiye kuti kulemera kwa pedulo kwachepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Si magiya, koma bondo lidzamva kusiyana.

Jah Bless 265:

Kkkk madala anadutsidwa ndi mwana wa Fomu 2. Imeneyo ndi lactic acid basi, asidi uja amapangika m'minofu, imakhala m'miyendo masiku atatu. Imwani mankhwala opatsa mphamvu aja a m'zitini.

Nachisale:

Ayi achimwene, imeneyo ndi nkhani yakale. Lactate, yomwe mukuitcha lactic acid, imachoka m'magazi pakangotha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono munthu akapuma, ndipo mtima umaigwiritsanso ntchito ngati chakudya. Zam'zitinizo ndalama zake kuli bwino mugule nthochi ndi thobwa. Shuga amene minofu ndi chiwindi zimasunga ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo pa ntchito yolemetsa amatha m'maola awiri kapena osakwana. Wakabaza wodzuka 4 koloko ndi tiyi yekha, pofika 10 miyendo imakhala yazizira, mutu waa. Mbatata kapena chinangwa cha m'mawa chimagwira ntchito kuposa chitini. Madzinso, chifukwa pa chakudya chimene minofu ikuwotcha, gawo limodzi lokha mwa anayi kapena asanu ndi limene limafika pa pedulo. Lotsalalo ndi kutentha, kumene thupi limataya ndi thukuta.

Madala a Kabaza, Chinamwali:

Zikomo nonse, ngakhale iwe wosekawe. Achemwali a Nachisale mwandigwira: nditaika chidendene pa pedulo, bondo linali lopindiratu ngati ndakhala pa mpando wa ndalema. Chishalo ndakweza zala zitatu, chitsulo chake chinali chitachita dzimbiri moti tinachita kumenya ndi hamala. Masiku awiri oyamba ndimaona ngati ndakwera ngamila, ndipo mayi wina ndinatsala pang'ono kugwa naye pa siteji poti phazi silimafika pansi. Panopa ndazolowera kutsetsereka pa chishalo ndisanaime. Bondo likuwawabe koma podzuka pokha. Sipuloketi ya 22 sindinaipeze, ndaika ya 20, ndipo dzulo malo ondivuta aja ndadutsa ndi thumba limodzi ndi theka osatsika. Aphunzitsi, ndinayesa kuwerenga mapazi pa chitundapo ndi wotchi ya pafoni, ndinapeza 24.