Swift Sport ya 2012 ya manyuwo: ndigule, kapena ndingotenga Vitz ngati anzanga?

Wa ku Gulliver: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanatulutse ndalama. Pali munthu kuno ku Lilongwe akugulitsa Suzuki Swift Sport ya 2012, ya manyuwo, magiya 6, injini 1.6. Mapepala a MRA ndi bulu buku zonse zilipo. Anandipatsa kuti ndiiyese pa bypass ndipo mtima wanga unatsala momwemo. Koma ndalama yomweyo nditha kupeza Vitz kapena Fit n'kutsala ndi chenji. Ndili ndi mkazi ndi mwana mmodzi, ntchito ndi ku City Centre, kumudzi ndi ku Ntcheu. Ndikufuna galimoto yoti izigwira ntchito za pakhomo, komanso ine ndizimva kukoma ndikagwira chiwongolero. Iyiyi ndi yogula?

Agogo a Corolla: Mwana wanga, kukoma kumapezeka mu ndiwo, osati mu galimoto. Gulani Toyota muzigona tulo.

Wa ku Chinamwali: Agogo ayambapo 😂 Achimwene, musawamvere. Swift Sport ya mtundu umenewo amaitcha ZC32S, ndipo ine ndili ndi yomweyo. Mphamvu zake ndi ma horsepower 136, pomwe galimotoyo imangolemera makilogalamu pafupifupi 1,050. Chinsinsi chake chili pamenepo. Si yothamanga moopsa ayi, Mark X ikusiyani pa msewu wowongoka, koma ipititseni pa makona okwera ku Ku Chawe kapena pa Khwekhwelere potsikira ku Golomoti. Mukakhotetsa imakhota nthawi yomweyo, osapendama, ndipo giya imalowa mosanyinyirika. Ilibe turbo, ndiye mphamvu zimabwera mukaikweza ma rev, ndipo phokoso lakelo ndi lomwe limakupangitsani kudutsa njira yaitali popita kunyumba. Vitz ya 1.0 ya masilinda atatu ija mukakweza anthu anayi pa chitunda cha Linthipe muzichita kuipempherera.

Mayi a mapasa: Achimwene a ku Gulliver, munatsegula buti? Funso langa ndi lomwelo basi.

Wa ku Gulliver: Ndinatsegula, achemwali. Ndi yaying'ono ndithu, sindikana.

Mayi a mapasa: Yaying'ono mukuinenera ulemu. Mukaika thumba limodzi la chimanga la makilogalamu 50, chikwama cha mwana chikhala pamiyendo pa mayi ake. Nanga kumudzi ku Ntcheu mungachoke manja lende? Apongozi akupatsani mbatatesi, kabichi, nkhuku yamoyo, ndiye mukanena kuti mulibe malo adzati mukunyoza. Ine ndimayendetsa Honda Fit ya mtundu wa GE, ija inayamba 2007 mpaka 2013. Thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo, ndiye kumbuyo kuli malo oti simungakhulupirire mukaiona kunja. Mipando yakumbuyo imagona fulati, komanso pokhalira pake mutha kupadzutsa m'mwamba n'kuimika katundu wamtali pansi. Ine ndinanyamulamo makina osokera ndi tebulo lake lomwe. Ngati mukufunitsitsa ya manyuwo, fufuzani Fit RS: injini 1.5, ma horsepower 120, ndipo zoyambira kumapeto kwa 2010 zili ndi magiya 6 ngati Swift yanuyo. Mukhala mwapeza zonse ziwiri.

Wa ku Chinamwali: Fit RS ndi yabwino, sinditsutsa. Koma mumakhala pamwamba ngati muli pa mpando wa tchalitchi, ndipo chiwongolero chake n'chopepuka kwambiri, simumva zomwe matayala akuchita. Komanso RS ya manyuwo muipeza kuti? Zambiri zimene zimabwera kuno ndi za otomatiki, za giyabokosi ya mtundu wa CVT.

Makaniko wa pa Biwi: Ndiloleni ndilankhule monga munthu amene adzagona pansi pa galimotoyo. Injini ya Swift Sport ndi M16A. Ndi injini yolimba, ya tcheni osati ya lamba, ndiye nkhani yosintha timing belt palibe. Banja la injini imeneyi limapezekanso mu SX4 ndi Escudo zina, choncho zosefera oyilo, mapulagi ndi zina zazing'ono sizisowa. Mukamathira oyilo wabwino pa nthawi yake, injini siikuvutani. Ndipo giyabokosi ya manyuwo ine ndimaikhulupirira kuposa CVT iliyonse ya zaka zoposa 10, chifukwa CVT zambiri zimafika kuno zisanasinthidwepo oyilo, ndiye mwini wake watsopano amathiramo ATF, oyilo wa otomatiki wamba, m'malo mwa wa CVT. Ikayamba kunjenjemera ponyamuka, mathero ake ndi kugula giyabokosi ina. Ya manyuwo ikatha kilatchi mumasintha kilatchi, nkhani yatha.

Vuto lili kunja kwa injini. Swift wamba, ya 1.2 ija yadzadza m'tauni, ndi galimoto ina ikafika pa masipeya. Zitseko ndi magalasi zimagwirizana, koma bampala, mashoka, mabuleki ndi ekizozi n'zosiyana. Ngakhale marimu: wamba ili ndi mabauti 4, Sport ili ndi 5. Kabaza akakuswerani bampala pa Bwandilo, musayembekezere kuti mupita ku Malangalanga n'kubwerako nayo tsiku lomwelo. Muitanitsa kunja n'kudikira.

Chachiwiri ndi matayala. Imabwera ndi 195/45R17. Nambala ya 45 ikutanthauza kuti mphira wa m'mbali ndi wochepa kwambiri, ndiye dzenje limodzi la pa M1 nthawi ya mvula litha kutupitsa tayala kapena kupinda rimu. Saizi imeneyo sipezeka paliponse, pa Kampepuza kapena pa Lizulu musaiyembekezere. Ndipo yang'anani pansi pa buti: zambiri sizibwera ndi tayala la sipeya, amangoikamo kabotolo ka guluu ndi kapampu. Guluu sangamate tayala long'ambika m'mbali.

Wa ku Gulliver: Eee, za sipeyazo sindinayang'ane n'komwe. Ndiye basi ndiisiye?

Makaniko wa pa Biwi: Sindinatero. Mankhwala ake alipo. Tsitsani marimu mupite pa 16, muike 195/50R16, saizi yomwe Swift Sport yakale, ZC31S, inkabwera nayo. Mphira uwonjezekera, mabampu achepa. Mugulenso rimu yachisanu ya sipeya. Kungoti sipeyayo ikalowa mu buti, zimene akunena mayi a mapasa zija zifika poipa zedi.

Mayi a mapasa: Mwamva nokha. Thumba la chimanga lija latuluka tsopano.

Wa ma clearing ku Songwe: Ine ndingowonjezerapo za msonkho, chifukwa zimakhudza mtengo ngakhale mukugula yolowa kale. Dyuti ya galimoto yogwiritsidwapo ntchito imayendera zaka zake ndi kukula kwa injini. Swift Sport ndi 1,586cc, pomwe Fit RS ndi Vitz RS zonse ndi 1,496cc. Kusiyana kwake ndi ma cc 90 okha, koma imodzi yadutsa mzere wa 1,500, ina ili pansi pake. Amene akukugulitsaniyo analipira dyuti yokwererapo ya injini yodutsa mzerewo ndipo waiika pa mtengo. Komabe chiyambireni pomwe kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023, kugula yomwe ili kale kuno nthawi zambiri kumapepuka kusiyana ndi kuitanitsa, chifukwa madola osaka n'ovuta, ndiye muonjezepo za padoko ku Dar es Salaam, dalaivala, mafuta a njira yonse kudzera ku Mbeya mpaka pa Songwe. Iyo mwaiona ndi maso, mwaiyendetsa. Ya pa intaneti mumagula chithunzi. Chimodzi chokha: tengani chesisi nambala mutsimikize ku MRA ndi ku Road Traffic kuti ikugwirizana ndi mapepala. Musapereke ndalama kwa dobadoba.

Agogo a Corolla: Zonse mwanenazi zikundivomereza ine. Injini ya Toyota ya 1.5, yotchedwa 1NZ, ili mu Axio, Fielder, Probox, Ractis, Sienta zonyamula anthu zija. Ikafa pa Nsipe, mwana aliyense wogwira sipanala aikonza, ndipo sipeya aichotsa pa galimoto ya mnansi. Mukufuna masewero? Vitz RS ilipo, 1.5 yomweyo, ma horsepower 109, ya manyuwo magiya 5 imapezekanso. Komanso muganize za tsiku logulitsa. Ana a masiku ano ambiri amangodziwa D ndi R. Toyota mukaiika pa Facebook m'mawa, madzulo yapita. Kagalimoto ka manyuwo ka Suzuki mudzakhala nako miyezi, mukuyankha anyamata ofuna kungokayesa.

Wa ku Chinamwali: Agogo, ndiye munthu agule galimoto poganiza za amene adzaigule kwa iye? Akhala akuiyendetsa yekha tsiku ndi tsiku zaka zingapo. Akagula Vitz chifukwa choopa, azidzati akaona Swift Sport pa roundabout mtima n'kumawawa. Za maenjezo, dalaivala wa galimoto yotsika amaphunzira kuwerenga msewu. Mahampu ndimawadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, ndipo sindikhula pansi pokhapokha titadzaza anthu asanu.

Mayi a mapasa: Chopingasa mpaka liti, ndi msewu wafumbi wochoka pa tala kupita kumudzi? Achimwene a ku Gulliver, kwanuko n'kutali bwanji ndi M1?

Wa ku Gulliver: Kufupi, ndipo msewu wake ma Sienta amadutsa chaka chonse. Kungoti Sienta ndi yokwererapo. Nanga za mafuta? Ndamva kuti ku Japan imeneyi imamwa petulo wapamwamba.

Makaniko wa pa Biwi: Ndi zoona, anailembera wa okiteni yokwera, pomwe Fit RS ndi Vitz RS zimamwa wamba. Kuno pa pampu palibe kusankha, petulo ndi mmodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakwezako okiteni, ndipo injiniyo ili ndi sensa yomwe ikamva kugogoda imauza kompyuta kuti ibweze moto pang'ono, ndiye imayenda bwinobwino. Choopa ndi mafuta a m'zigubu nthawi ya mizere, amenewo musayerekeze. Pa kamwedwe, mukaiyendetsa mofatsa sikusiyana kwambiri ndi 1.5. Koma munthu wogula Swift Sport sagulira kufatsa, ndiye onjezerani bajeti ya mafuta, ndi ya apolisi a kamera pa Nathenje.

Wa ku Chinamwali: Apa pokha sindiyankha 😂

Mayi a mapasa: Funso lina: akunyumba amayendetsa manyuwo? Chifukwa ngati galimoto pakhomo ndi imodzi, mwana akatentha thupi usiku inu muli ku field, ayendetsa ndani?

Wa ku Gulliver: Laisensi anatengera pa manyuwo, ndipo amandiposa ponyamuka pa chitunda. Vuto ndi la butilo. Ndawaonetsa zimene mwalembazi, akuti apita nawo akaione okha, atenga ndi mpando wa mwana akauyese kumbuyo. Akakana, ndiyamba kusaka Fit RS ya manyuwo ngakhale zitenge miyezi. Vitz ya 1.0 yokha ayi, agogo mundikhululukire. Bwana makaniko, Loweruka muli ndi mpata?

Makaniko wa pa Biwi: Ndilipo. Muwauze eni ake asailize m'mawa tisanafike, ndikufuna ndiimve injini ikadali yozizira, chifukwa tcheni chotha chimalira nthawi imeneyo. Tikaikweza pa pit tione ngati pansi sanawotcherere, tione mabushi ndi mashoka ngati sakudontha, ndiyesenso giya 2 ndi 3 mwachangu, poti galimoto zoterezi eni ake oyamba amakhala anazithamangitsa. Afunseni auction sheet, pepala lofotokoza momwe galimoto inalili pogulitsidwa ku Japan. Ikakhala giredi R ndiye kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo mayileji a pa pepalalo tiwafananize ndi a pa dashibodi. Mtengo wa marimu asanu a 16 ndi matayala ake muuchotseretu pa ndalama imene akufunayo.

Agogo a Corolla: Mukamapita mundidutsire pa 25, ndikakhale kumbuyoko ndione ngati mawondo anga akwana.