Kodi mawu akuti outturn tiwamasulire bwanji m'Chichewa?

Mayi mlembi wa kalabu ya alimi a thonje, Balaka:

Abale anga, ndithandizeni. Loweruka likubwerali ndikuyenera kuwerengera mamembala athu kalata yochokera kwa ogula thonje. Kalatayo ili m'Chingerezi, ndipo pali mawu amodzi andiimitsa, akuti outturn. Akuti mtengo wa chaka chamawa udzatengeranso outturn ya thonje lathu la chaka chino. Poyamba ndinalemba kuti zokolola, koma zokolola tinapima kale pa sikelo kumsika, aliyense anatenga risiti yake. Ndiye akufuna kupimanso chiyani?

Mawuwa si achilendo m'makutu mwanga. Malemu agogo anga aamuna anali kalaliki pa esiteti ya tiyi ku Thyolo nthawi ya atsamunda, ndipo ankakonda kunena kuti autani ya mwezi uno yatsika. Sindinawafunse tanthauzo lake ali moyo, lero ndikudandaula nazo. Sindikufuna kukaimirira pamaso pa anthu akuluakulu n'kuwauza zongopeka pa nkhani ya ndalama zawo.

Bambo wopuma ntchito, Ngabu:

Amayi, mwachita bwino kusalemba zokolola. Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale yochotsa njere za thonje kuno ku Chigwa cha Shire, ndipo mawu amenewa tinkadya nawo nsima. Thonje lomwe mumagulitsa limakhala ndi njere m'kati. Likalowa m'makina, ulusi umatuluka pawokha, njere pazokha, zinyalala pazokha. Outturn ndi kuchuluka kwa ulusi woyera womwe watuluka poyerekeza ndi thonje lomwe linalowa. Pa makilogalamu 100 a thonje la njere, ulusi umatuluka pakati pa 35 ndi 40, kutengera mtundu wa mbewu ndi kasamalidwe. Zotsalazo zambiri ndi njere, zomwe amayengera mafuta, nseche zake n'kudyetsa ziweto.

Wogula amapeza ndalama zambiri pa ulusiwo. N'chifukwa chake thonje lonyowa, lamchenga kapena lodzaza masamba limalemera bwino pa sikelo koma limatsitsa outturn. Kwa alimi afotokozereni ndi chimanga. Mukapita kukakonoletsa ndowa yodzaza, mphale yobwera nayo kunyumba sidzaza ndowa, chifukwa madeya achoka. Mphale imeneyo ndiye outturn.

Mayi wa ku Mulanje:

Agogo anuwo ankanena zoona. Ku tiyi mawuwa akadalipo. Kuti mupeze kilogalamu imodzi ya tiyi wouma pamafunika makilogalamu anayi ndi theka kapena asanu a masamba aawisi. Masamba akabwera onyowa ndi mvula, tiyi wotuluka amachepa, ndipo kalaliki ndi amene ankalemba kutsikako m'buku.

Wowerengera ndalama, Manchester:

Achemwali, ndiwonjezereko mbali ya ndalama, chifukwa kumeneko n'komwe ambiri amakumana nawo mawuwa. Ndi Chingerezi cha ku Britain, ndipo anachokera ku mawu akuti turn out, kutanthauza mmene chinthu chathera kapena chatulukira. Amalonda a zaka za m'ma 1800 ankawagwiritsa ntchito kwambiri, ndipo mpaka lero sitima yapamadzi ikatsitsa katundu padoko, amalemba outturn report yosonyeza katundu amene watsikadi, kuti amuyerekeze ndi amene analembedwa pokweza.

Pa za bajeti ganizo lake ndi lomwelo. Boma limanena kumayambiriro kwa chaka kuti litolera zakuti, ligwiritsa ntchito zakuti. Chaka chikatha, ndalama zomwe zatoleredwadi ndi zomwe zagwiritsidwadi ntchito ndiye outturn. Kuno ku Britain bungwe lolosera za chuma cha boma la Office for Budget Responsibility, lomwe linakhazikitsidwa mu 2010, limaika zolosera zake pambali pa outturn kuti anthu aone pomwe linalondola ndi pomwe linaphonya. A ku America sakonda mawuwa, iwo amangoti actual.

Kwathu ku Malawi tinawatengera kwa Angerezi. Mukatsegula mabuku a bajeti mudzapeza likely outturn. Nduna imawerenga bajeti yatsopano chaka chakale chisanathe, poti kuyambira mu 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndiye ziwerengero zomaliza zimakhala zisanadziwike. Likely outturn ndi zomwe akuona kuti chakacho chithera nazo. Ine zimandipweteka kuti pa wailesi timamva kwambiri ndalama zolonjezedwa, koma zomwe zinatulukadi sizinenedwa m'chilankhulo chathu.

Wamalonda amene amapita ku Nampula:

Ku mbibu nakonso ndi choncho, amayi. Ogula amatapa kilogalamu imodzi m'matumba, n'kudula mtedza uliwonse pakati kuti aone wabwino, wofumbwa ndi wopanda kanthu. Kenako amawerengera mapaundi a maso abwino omwe angatuluke m'thumba la makilogalamu 80. Mukamva kuti outturn ndi 48, ndiye kuti katunduyo ndi wabwino. Paja akulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Thumba lokongola kunja silinena kanthu mpaka mpeni utalowa.

Mphunzitsi wa Chichewa, Dedza:

Ndawerenga zonse, koma funso la amayiwa linali la kumasulira. Wina angafulumire kunena kuti phindu, koma ayi. Phindu ndi chotsala mukachotsa zolowa, pamene outturn imakhalapo ngakhale mwaluza. Zokolola ndi za m'munda. Zotsatira zikuyandikira, koma ndi mawu otakata kwambiri, amakwanira mayeso, mpira ndi chisankho chomwe.

Ine ndingasankhe mawu akuti zotulukadi. Kachidutswa ka -di kameneko ndi komwe kanyamula nkhani yonse, chifukwa kakusonyeza kuti panali chiyembekezo kapena cholowa, ndipo tsopano tapima chenicheni. Pa thonje nenani kuti ulusi wotulukadi, pa bajeti nenani kuti ndalama zogwiritsidwadi ntchito kapena zotoleredwadi. Tisakakamize liwu limodzi kusenza katundu yense. Komanso autani ya agogo anu musaitaye. Ngati achikulire a m'kalabu mwanu akuidziwa, itchuleni kamodzi kenako mufotokoze.

Mayi mlembi, Balaka:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo a ku Ngabu, chitsanzo cha mphale ndi madeya ndichitenga momwemo. Ndalemba kuti mtengo udzatengera ulusi wotulukadi pa makilogalamu 100 alionse a thonje lathu likachotsedwa njere. Koma ndaona kuti m'kalatayo sanalembemo kuti outturn ya chaka chino ndi zingati, ndiponso sananene ngati thonje la kalabu yathu analipima palokha kapena analisakaniza ndi la makalabu ena. Mawa m'mawa ndikaonana ndi apampando kuti tiwalembere kalata yofunsa zimenezi Loweruka lisanafike.