Dryer ija yayambanso kutentha

Abale, ndabweranso ndi nkhani ya dryer (makina oumitsira zovala) yathu kuno ku Rosettenville, ku Joni, ija ndinafunsa kuti ikuzungulira bwinobwino koma zovala zikutuluka zili zonyowa, zozizira. Ambiri munati element, kachitsulo kamene kamatenthetsa mpweya, yapsa. Ayi ndithu, ili moyo.

Achimwene ena akwathu, okonza mafiriji ku Turffontein, anabwera ndi mita yawo yoyezera zamagetsi. Atazula pulagi kukhoma anatsegula kumbuyo n'kuyeza element, inawerenga ma ohm 26, ndipo anati n'zoyenera pa element ya 2000W pa magetsi akuno a 230V. Chinafa ndi kafyuzi kamene kamadula magetsi makina akatentha mopitirira. Ataikapo mita, zii, osalira n'komwe, kusonyeza kuti magetsi sakudutsa.

Chinapha kafyuziko ndi paipi yotulutsa mpweya. Inali itatsekeka ndi tiulusi ta mabulangete, totuwa, togwirana ngati thonje lonyowa, mpaka tinachita kukokera ndi waya. Mpweya wotentha unkangobwerera m'kati.

Wina anandilangiza kuti ndingolumikiza mawaya modumpha fyuziyo. Chonde musayerekeze, tiulusi timeneti sitichedwa kugwira moto, ndiye ena tikugona ndi ana m'chipinda chimodzi. Tinagula fyuzi ina yofanana nambala yake, ndipo sefa yogwira tiulusi ndikumayeretsa nthawi iliyonse ndisanaikemo zovala.