Kodi mndandanda wa masukulu okhoza bwino tiziukhulupirira mpaka pati?

MayiWaAwiri:

Moni nonse muno. Ndithandizeni maganizo makamaka inu aphunzitsi. Mwana wanga woyamba akulowa sekondale chaka chamawa ndipo komwe tikukhala kuli sukulu za boma ziwiri zomwe angalowe. Ina pa mndandanda uja amatulutsa zotsatira za mayeso zikangolengezedwa ili m'gulu la pamwamba, inayo ili kumunsi zedi moti chala chimachita kutopa ndi kutsitsa pa foni usanaipeze. Koma ya kumunsiyo ndi yomwe ili pafupi, mwana atha kupita wapansi, ndipo makolo angapo omwe ana awo ali kumeneko akuiyamikira akuti aphunzitsi ake sajomba. Abambo akunyumba akuti manambala sanama, mwana apite ku yapamwambayo olo kuli kutali. Ine mtima uli pawiri. Kodi ma ranking amenewa amayezadi kuti sukulu ikuphunzitsa bwino kapena amayeza zina?

Chokochathera:

Mayi, abambo akunyumba akunena zoona kuti manambala sanama, kungoti akuyankha funso lina osati lomwe inu mukufunsa. Inu mukufuna kudziwa kuti mwana wanu akalowa pageti paja adzatuluka atasintha bwanji. Mndandanda ukukuuzani kuti ana omwe analemba mayeso chaka chatha anakhoza bwanji basi, sukunena kuti anawo anafika pasukulupo ali otani.

Tiyerekeze chonchi. Sukulu A imalandira ana omwe kupulayimale ankapeza ma 80, kwawo kuli mabuku, magetsi, makolo amawalipirira aphunzitsi apadera madzulo. Pomaliza apeza avereji ya 78. Sukulu B imalandira ana omwe ankapeza ma 40, ena akufika osatha ngakhale kuwerenga bwino ndime imodzi, pomaliza apeza 58. Pa mndandanda A ili kumwamba, B ili kumunsi, koma yomwe yagwira ntchito pamenepa ndi iti? A yangowasunga anawo, mwinanso yawatsitsako pang'ono. Ine ndaphunzitsa masamu ku mitundu yonse iwiri ya sukulu ndipo kunena mosabisa mawu, komwe ndinkatuluka thukuta ndi kwa B, komwe ndinkayamikiridwa ndi kwa A.

Nkhaniyi si yalero. Mu 1966 ku America kunatuluka lipoti la James Coleman, anafufuza ana asukulu oposa 600,000, ndipo chomwe chinadabwitsa anthu ndi choti kusiyana kwa zotsatira za ana kunkayenderana kwambiri ndi mabanja omwe anawo akuchokera kuposa zinthu monga nyumba za sukulu kapena ndalama zomwe sukulu ikulandira. Sikuti sukulu ilibe ntchito ayi, koma ukangoika avereji za masukulu pamzere ndiye kuti mbali yaikulu ukuika pamzere makolo. Ku England anayamba kusindikiza matebulo a masukulu mu 1992 ndipo anthu anadandaula za zomwezi zaka zambirimbiri, mpaka mu 2016 anabweretsa muyezo wa Progress 8. Umenewu amatenga zomwe mwana anapeza pa mayeso ali ndi zaka 11, n'kuona zomwe wapeza pa mayeso a kusekondale otchedwa GCSE ali ndi zaka 16 m'maphunziro asanu ndi atatu, kenako amamuyerekeza ndi ana ena dziko lonse omwe anayamba ndi mapoyinti ofanana ndi ake. Nawonso uli ndi zofooka zake koma bola, ukufunsa funso loyenera. Ndiye choyamba fufuzani kuti mndandanda mukuonawo ndi wa zotsatira zomaliza chabe kapena ukuwerengera komwe ana anayambira. Yambiri imakhala ya zomaliza chabe.

China chomwe chimandiwawa ine ndi kusefa. Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo, sinditchula dzina, ikafika nthawi yolembetsa mayeso ahedi ankatiitana mu ofesi tili ndi mapepala a mayeso oyeserera, n'kumalemba kamtanda ndi pensulo pa mayina a ana omwe akuoneka kuti alephera. Makolo awo ankaitanidwa mmodzimmodzi n'kuuzidwa mwaulemu kwambiri kuti mwanayu zingamuthandize atabwereza kalasi, kapena akalembetse ngati wophunzira wapadera osati pa dzina la sukulu. Zotsatira zikatuluka 100 peresenti, chikwangwani pageti, aliyense kuwomba m'manja. Ana a kamtanda aja palibe ankawawerenga. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kalondolondo77:

Aphunzitsi ndakumvani koma penapake mukuteteza anzanu kkkk. Nthawi zonse zotsatira zikaipa mlandu umapita kwa makolo ndi umphawi, zikakoma ndiye kuti ndi khama la aphunzitsi. Nanga ife makolo wamba tigwire chani? Sindingalowe m'kalasi kukakhala kumbuyo teremu yonse kuti ndione ngati akuphunzitsa. Mndandanda olo ukhale wopunduka umandipatsako poyambira, ndipo ahedi amadziwa kuti anthu akuona.

Muone zomwe zinachitika ku Wales. Mu 2001 anasiya kusindikiza matebulo a masekondale pomwe England inapitiriza, mayeso anali amodzimodzi a GCSE ndiye zinali zosavuta kuyerekeza. Ofufuza a ku yunivesite ya Bristol atazilondola anapeza kuti zotsatira za ku Wales zinatsika poyerekeza ndi za ku England, ndipo sukulu za pamwamba sizinasinthe kwenikweni, zomwe zinagwa ndi zapakati ndi za kumunsi. Ndiye kuti kubisa manambala kunapweteka ana omwewo mukuti mukuwamvera chisoniwo. Sukulu yoti chaka ndi chaka ili kumunsi, osasuntha, ine sindingamutumizeko mwana chifukwa choti anthu awiri atatu anena kuti aphunzitsi sajomba. Kusajomba ndi ntchito yomwe analembedwera, si chinthu chowayamikira nacho.

Chokochathera:

Achimwene, za ku Wales sindikutsutsa, ndipo sindinati manambala abisidwe. Sukulu yoti palibe akuiyang'ana imagonadi tulo. Koma mantha a mndandanda amakankhira anthu mbali ziwiri, ena amalimbikira kuphunzitsa ena amalimbikira kukongoletsa nambala. Ku Atlanta ku America lipoti la boma la mu 2011 linatchula aphunzitsi ndi ahedi 178 m'sukulu 44 kuti ankabera mayeso, osati ana kulowa ndi likasa ayi, akuluakulu eni ake kukhala pansi ndi zofufutira n'kumasintha mayankho olakwika pa mapepala a ana. Mu 2015 khothi linapeza anthu 11 olakwa. Kwa zaka zingapo sukulu zimenezo zinkaoneka ngati zachita zozizwitsa ndipo makolo ankakhulupirira, pomwe ana ena omwe ankafunika thandizo lapadera sanalilandire chifukwa pa pepala ankaoneka okhoza. Katswiri wina Donald Campbell anachenjeza kale m'zaka za m'ma 1970 kuti nambala ikayamba kugwiritsidwa ntchito pogamula tsogolo la anthu, anthu amayamba kuisewera mpaka imasiya kuyeza chomwe inkayeza.

Ndipo kusewera kwina sikuphwanya lamulo lililonse. Kuloweza mapepala a mayeso akale kuyambira teremu yoyamba, kuchotsa masewera ndi zojambula pa taimutebulo, kuthamangira ana omwe ali pamalire okhoza ndi kulephera chifukwa ndi amene angakweze peresenti, n'kusiya anzeru kwambiri ndi ofooka kwambiri adzionere okha. Kenya inaletsa ma ranking a masukulu mu 2014, Tanzania nayo mu 2023 bungwe lawo la mayeso linasiya kulengeza masukulu khumi apamwamba. Mutha kunena kuti analakwitsa, koma sanangodzuka n'kuganiza zimenezo popanda chomwe anaona.

Nambala_Nambala:

Ndilowererepo pang'ono pa mbali ya masamu chabe, za ndale za maphunziro ndisiyira inu.

Yang'anani kuti analemba mayeso ndi ana angati. Ngati kalasi ili ndi ana 25, mwana mmodzi ndi 4 peresenti. Atatu akadwala sabata ya mayeso kapena kunyumba kwagwa zovuta, sukulu yatsika ndi 12 peresenti, pa mndandanda yagwa malo ambirimbiri, koma aphunzitsi ndi omwewo, mabuku ndi omwewo. Chaka chinacho kubwera kagulu ka ana akuthwa, yakweranso, nyuzi n'kulemba kuti sukulu yadzuka. Sukulu ya ana 300 sigwedezeka chonchi. Ku America bungwe lothandiza anthu la Bill Gates linathira ndalama zankhaninkhani potsegula masukulu ang'onoang'ono, ndipo mfundo imodzi yomwe inkamveka nthawi imeneyo inali yoti masukulu aang'ono amapezeka kwambiri pamwamba pa mindandanda. Katswiri wa ziwerengero Howard Wainer anaonetsa kuti amapezekanso kwambiri kumunsi, chifukwa chake ndi kuchepa kwa ana komweko.

Komanso nambala ya malo imanyenga maso. Nambala 40 ndi nambala 95 zimamveka kutalikirana koma pakati pa mndandanda masukulu amakhala atathithikana, kusiyana kwake kutha kukhala kwa mapoyinti awiri kapena atatu. Ndiye Mayi musayang'ane malo, yang'anani peresenti yeniyeniyo, ndipo ya zaka zinayi kapena zisanu zotsatizana. Apa ndikugwirizana ndi a Kalondolondo, ngati ili kumunsi kwenikweni zaka zonsezo ndiye si tsoka la chaka chimodzi, pali chifukwa, kaya ndi ana omwe ikulandira kaya ndi kaphunzitsidwe, mndandanda sungakuuzeni kuti ndi chiti mwa ziwirizi.

AgogoAhedi:

Ana anga mwalankhula bwino nonse. Ine ndinapuma ntchito ya uhedi, ndiye ndingonena zomwe ndikanachita ndikanakhala mayiwa.

Pitani ku sukulu zonse ziwiri tsiku wamba la pakati pa sabata, osati tsiku lomwe aitana makolo poti tsiku limenelo ngakhale maluwa amabwereka. Fikani buleki itangotha muime pakhonde mphindi khumi. Muona nokha makalasi angati ali ndi mphunzitsi kutsogolo ndipo angati ana akungosokosera mtsogoleri wa kalasi akulemba mayina a olongolola. Pemphani mwana aliyense kope lake la masamu kapena la chilankhulo, tsegulani kumapeto muone deti lomwe mphunzitsi anachonga komaliza, ndipo muone ngati analembapo mawu omuthandiza mwanayo kapena anangokhwatcha chizindikiro chimodzi chachikulu tsamba lonse osawerenga. Kope loti mwezi wathunthu silinaone cholembera chofiira likuuzani zambiri kuposa tebulo lililonse. Kenako pitani kuchimbudzi cha ana, makamaka cha atsikana, muone ngati chitseko chimatsekeka ndiponso ngati madzi alipo. Anthu amaseka ndikanena zimenezi koma mtsikana amajomba masiku angapo mwezi uliwonse chifukwa cha chitseko chomwecho, ndipo hedi woti sadziwa momwe chimbudzi chilili sadziwanso zomwe zikuchitika m'kalasi.

Mtunda musaupeputse. Mwana woti akutaya maola awiri panjira tsiku lililonse, kunyamuka kukadali mdima kufika atatopa, maola amenewo ndi a tulo ndi homuweki. Koma ndisakunamizeni, anzake a m'kalasi nawonso ndi nkhani. Mwana akakhala pakati pa anzake okonda kuwerenga amakokeka, ndiye sukulu yapamwambayo itha kumuthandiza olo aphunzitsi ake asakhale odabwitsa. Ena amakokeka, ena akakhala a nambala yomaliza pakati pa akuthwa amafooka n'kuyamba kudana ndi sukulu. Mwana wanuyo mukumudziwa ndinu.

MayiWaAwiri:

Zikomo kwambiri nonse, Agogo za kope zija sindinaziganizirepo n'komwe. Koma za kusefa zandiopsa. Ndingadziwe bwanji ngati sukulu imachita zimenezi, poti ndikafunsa maso ndi maso palibe hedi angavomere?

Chokochathera:

Musafunse kuti "kodi mumasefa ana", akuyankhani mokoma n'kukuperekezani pageti. Funsani manambala awiri padera. Choyamba funsani kuti gulu lomwe langolemba mayesoli linalowa chaka choyamba lili ndi ana angati, kenako mukacheze zina, za yunifolomu kaya za laibulale, ndiye mufunse kuti omwe analemba mayeso pa dzina la sukulu anali angati. Ana ochepa amachoka paliponse, mabanja amasamuka, ena amadwala. Koma ngati analowa 160 n'kulemba 95, funsani kuti 65 enawo anapita kuti ndipo anachoka chaka chiti. Akachoka mochuluka chaka chomaliza mayeso atayandikira ndiye mwadziwa. Mukatero werengerani nokha okhoza aja pa 160 osati pa 95, muchite chimodzimodzi ku sukulu inayo, mutha kupeza kuti mpata uja wachepa kapena ayi ndithu yapamwambayo ikadali patsogolo. Ahedi akazemba, a komiti ya makolo kapena ana a kalasi yomaliza amadziwa bwinobwino kuti anzawo angati anauzidwa kuti abwereze.

Kalondolondo77:

Funso limenelo ndalikonda, koma mukalifunsenso ku sukulu ya pafupiyo Mayi, osangolipititsa ku yapamwamba yokha. Kumunsi nako ana amasowa, kungoti kumeneko palibe amawathamangitsa, amangosiya okha pakati pa teremu ndipo dzina limakhalabe mu rejisitala mpaka chaka kutha.