Za matayala ndinafunsa aja

Mwezi watha ndinafunsa ngati n'kwanzeru kuika matayala a mphira wofewa, opangidwira liwiro, pa Corolla yanga yoyendera pakati pa Nchalo ndi Blantyre. Ambiri munati ndikungotaya ndalama. Ndinagulabe, a saizi ya 205/55 R16 (otambalala pang'ono, olowa pa rimu yokulirapo) m'malo mwa 195/65 R15, ndiye marimu nawo ndinasintha.

Potsika zitunda za Chikwawa ndi pomwe andisangalatsa. M'makona muja galimoto ikukakamira phula ngati nkhupakupa, chiwongolero chikumvera msanga. Lachiwiri mbuzi inadumphira mumsewu pafupi ndi Thabwa, nditaponda buleki galimoto inangoti nji, tayala osalira n'komwe. Mbuziyo inapitiriza ulendo wake.

Koma maenje, abale! Tayalali ndi lalifupi m'mbali, dzenje lililonse ndikulimva mumsana. Msewu wafumbi ndikuyenda ngati nanzikambe, kuopa miyala ingatupitse tayala. Mpweya ndikumayeza m'mamawa, chifukwa dzuwa la kuno likaswa mtengo umakwera n'kukunamizani.

Achimwene amene munanena za mafuta, munalondola, akutha msangako pang'ono. Za kutha kwa mphira ndi mmene agwirire pamvula, mundidikire mpaka Januwale.