Injini ya 4100 mu Model A ikutsamwa ukaponda moto, tithandizane

Kondwani, Benoni: Madala ndi achimwene nonse, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata ziwiri. Pagalaja pomwe ndimagwira ntchito tikumanga galimoto ya kasitomala, bodi ya Ford Model A ya 1930, yotsitsidwa, injini ili pamtunda, zija amati hot rod. Mwini wake anakana V8, akuti aliyense ali nayo. Anafuna ya masilinda 6 a mzere umodzi, ndiye tinapeza ya Chevrolet 4100 ya m'ma 1970, ija ku America amaitchula 250. Taimanganso yonse, maringi, mabeyaringi, mavalavu. Kuti ilowe tinachita kubweza firewall, chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu, m'mbuyo chifukwa ndi yaitali. Manifodi ake akale, zitsulo zolowetsa petulo m'masilinda ndi zotulutsa utsi, tinachotsa, tinaika ya aluminiyamu ya makabureta awiri yomwe anaitanitsa kunja, ndi mapaipi a ekizosi owotcherera, atatu kutsogolo atatu kumbuyo. Kulira imalira kamodzi n'kamodzi. Koma ukangoponda moto imatsamwa, imakhosomola kukabureta, kenako n'kudzuka ndi utsi wakuda. M'mawa ndiye zimanyanya. Galimotoyi ndaikonda ngati yanga, sindikufuna ituluke pageti ili chonchi.

Yamikani, Durban: Achimwene yambani ndi zapafupi. Mawaya a mapulagi ali 1-5-3-6-2-4? Tayimingi, nthawi yomwe pulagi imathetheka moto, mwaiona ndi nyali kapena ndi khutu?

Kondwani, Benoni: Mawaya ali bwino, ndabwereza katatu. Tayimingi ndi nyali. Mapointi ndi atsopano, dwell, mlingo womwe mapointiwo amakhala otseka, ili pa madigiri 32.

Yamikani, Durban: Ndiye ndi majeti basi, timabowo todutsa petulo mukabureta. Kumeneko muli pamwamba, Johannesburg ili mamita pafupifupi 1,750. Mpweya ndi wochepa, kabureta yobwera ndi majeti a kunyanja imamwa mopitirira. Galimoto zochoka kuno ku Durban zikakwera kumeneko zimafooka, timaziona tsiku ndi tsiku. Chepetsani.

Kondwani, Benoni: Zimenezo ndi zomwe zandidyera masiku. Ndikachepetsa majeti utsi umatha koma kukhosomola kumakula. Ndikakuza kukhosomola kumachepa koma imanunkha petulo mpaka maso kuwawa. Ndasintha katatu, pakati sipakupezeka. Mapulagi nawo sakugwirizana, ena akuda bii, ena oyera mbuu, ndipo lero ndi awa mawa ndi ena.

Anachisale, Germiston: A Kondwani, ine mbali yanga ndi ya magetsi. Paipi ya vacuum ya distribyuta, ija imakoka mpweya kuti itsogoze tayimingi, mwaitenga pati? Pa makabureta awiri mpweya umagawikana, nthawi zina sukoka mokwanira. Ikokeni ndi pakamwa muone ngati mbale ya mapointi ikusuntha n'kukhala pomwepo. Onaninso ngati gasiketi ya manifodi sikuba mpweya. Aluminiyamu ndi mapaipi owotcherera nthawi zambiri amasiyana kuchindikala pamilomo, pomwe bawuti imodzi imagwira zonse ziwiri, ndiye imafinya chimodzi china n'kutsala.

Kondwani, Benoni: Zikomo achemwali. Vacuum ikukoka ndipo ikugwira. Za milomozo mwalasa, inasiyanadi pang'ono, ndinasema mawashala kuti afinye mofanana. Ndapopera mankhwala otsukira kabureta kuzungulira gasiketi yonse, kulira sikukusintha. Geji ya vacuum ikuwerenga 14, ndiye ndimadandaulanso kuti mwina yachepa.

Anachisale, Germiston: 14 kuno isakuopseni. Mabuku amalemba 17 mpaka 21 koma ndi za kunyanja. Pamafiti 1,000 aliwonse geji imatsika pafupifupi 1. Bola singano isamanjenjemere.

Madala Jafali, Ndirande: Ndawerenga zonse. Mwana wanga Kondwani, siya kaye majeti. Mawa m'mawa uilize, uyende nayo mphindi khumi, uime, ugwire ndi dzanja pansi pa manifodi, pomwe pakhala kabureta. Undiuze chomwe dzanja lamva.

Kondwani, Benoni: Madala, ndachita monga munanenera. Ndadabwa kwambiri. Kunja kunali chisanu cha June chija, udzu uli mbuu. Mapaipi a ekizosi osagwirika, koma pansi pa manifodi pozizira ngati botolo lotuluka mufiriji, madontho a madzi ali lendelende. Nditachotsa kabureta yakutsogolo ndinapeza kadziwe ka petulo pansi pa manifodi, ndinaviika chala chinanyowa.

Madala Jafali, Ndirande: Vuto lako ndi limenelo. Tenga manifodi akale aja ngati simunataye uwayang'ane. Upeza kuti yolowetsa petulo ndi ya ekizosi anazimanga pamodzi ndi mabawuti, ina pamwamba pa inzake, ndipo pakati pali kachipinda kokhala ndi kachitseko ka sipuling'i. Utsi wotentha umawomba pansi penipeni pa kabureta. Sanaike pokongoletsa. Petulo akamasanduka nthunzi amatenga kutentha kwa chitsulo chomwe wakhudza, monga thukuta limaziziritsira thupi. Popanda moto pansipo manifodi imazizira, petulo amagwa mumpweya n'kumayenda pansi ngati madzi m'ngalande. Ukaponda moto mpweya umathamanga kukafika kumasilinda, petulo n'kutsalira, ndiye kukhosomolako. Kenako chithaphwi chija chimakokedwa chonse nthawi imodzi, ndiye utsi wakudawo. Jeti singakonze zimenezo, n'chifukwa chake pakati sipakupezeka.

Pa injini ya masilinda 6 a mzere umodzi zimakula chifukwa njira ndi yaitali. Komanso mutu wa injini imeneyo uli ndi makomo atatu okha olowera, khomo limodzi masilinda awiri, ndiye petulo woyenda pansi sagawika mofanana. Pa V8 manifodi imakhala pakati pa injini pofunda. Yakoyi ili panja pambali, galimoto yopanda zotchinga, mphepo ya Highveld, kumtunda komwe uliko, ikuiomba.

Ine ndinaziphunzira pa Land Cruiser ya 2F, nayonso masilinda 6, malita 4.2, manifodi ake omangidwa chimodzimodzi. Munthu wina anabwera nayo ataika mapaipi owotcherera chifukwa manifodi ya ekizosi inang'aluka. Kuno ku Blantyre masana inkayenda, koma akapita ku Dedza nthawi ya chisanu inkatsamwa njira yonse. Tinamasula kabureta kanayi tisanazindikire.

Yamikani, Durban: Madala ndagonja, koma ndifunse. Tinaphunzira kuti mpweya wozizira ndiye umapatsa mphamvu. Tikatenthetsa manifodi sititaya mahatchi?

Madala Jafali, Ndirande: Funso labwino. Pa galimoto ya mpikisano yomwe imakhala yopondedwa mpaka pansi, inde, amaisiya yozizira, chifukwa mpweya umathamanga kwambiri ndipo petulo sapeza mpata wogwa. Iyi ndi yoyenda mumsewu, maloboti, kuima n'kunyamuka. Sitikutenthetsa mpweya wonse, tikufunditsa pansi pokha pomwe petulo amagwera. Kamphamvu kotayikako mwini wake sadzakamva, koma kutsamwa pa loboti adzakumva tsiku lililonse.

Kondwani, Benoni: Ndiye ndiwotcherere kapaipi kuchokera ku ekizosi kukafika pansi pa manifodi?

Chifundo, Pretoria: Ayi achimwene, gwiritsani madzi. Utsi umatentha mosalamulirika, ukaima pa loboti masana petulo amawira mukabureta, ndipo kapaipi kakang'ono kamatsekeka ndi mwaye. Kutentha kwa madzi kumakhala pamlingo umodzi. Tembenuzani manifodiyo. Zambiri za aluminiyamu zimakhala ndi chibowo pansi pomwe panayenera kukumana ndi ekizosi yakale. Dulani mbale ya aluminiyamu ya mamilimita 10, boolani mabowo a mabawuti, ikani gasiketi, kenako timilomo tiwiri ta paipi. Madzi muwatenge pomwe pamachokera paipi ya hita, pafupi ndi thermostat, kavalavu kotsekera madzi mpaka injini itafunda, adutse m'mbalemo, abwerere ku pampu ya madzi. Musanamange, thirani madzi m'chibowomo mugoneke usiku, chifukwa aluminiyamu wina amakhala ndi timabowo tosaoneka, madzi angalowe munjira ya petulo. Ngati akudontha, mbaleyo ikhale bokosi lotsekeka palokha longogunda pansi pa manifodi.

Kondwani, Benoni: Chibowo chilipo! Ndipo pa pampu ndi pa thermostat ndinatseka ndi mapulagi chifukwa galimotoyi ilibe hita. Koma pali china. Thermostat sindinaike. Redieta ya Model A ndi yopapatiza, ndimaopa kuti iwira.

Madala Jafali, Ndirande: Ibwezere. Chizolowezi chochotsa thermostat chatiphera mainjini ambiri kuno kumudzi. Popanda iyo m'mawa madzi safunda, ndiye mbale yakoyo idzakhala ikuzungulitsa madzi ozizira. Ika ya madigiri 82. Ngati ukuopa kuwira, konza za fani, ikhale pafupi ndi redieta ndipo uipangire chotchinga kuti ikoke mpweya kudutsa m'redieta monse.

Anachisale, Germiston: Mukatero mubwerere ku majeti, chifukwa mawu a Yamikani akadali oona. Petulo akayamba kusanduka nthunzi bwino mupeza kuti ikumwa kwambiri. Mulinganizenso makabureta awiriwo, ndodo yolumikiza itamasulidwa, aliyense akoke mofanana. Tayimingi muthanso kuitsogoza madigiri awiri kapena atatu chifukwa cha kukwera kwa malo, koma mumvetsere ngati ikugogoda pachitunda.

Kondwani, Benoni: Abale anga, ndabwera ndi lipoti. Mbale ndinadula Lachiwiri, manifodi inagona ndi madzi usiku wonse osadontha. Mapaipi ndaika a kopa, opindidwa motsatira injini, moti mwini wake ataona anati akuoneka ngati a nthawi yomweyo. Thermostat ya 82 ili m'malo. Lero 6 koloko m'mawa, chisanu chili tho, ndinayenda nayo mphindi khumi n'kugwira pansi pa manifodi, pofunda ngati kapu ya tiyi, pouma. Ndaponda moto kuchoka pa loboti, yanyamuka osakhosomola ngakhale kamodzi, kulira kwa masilinda 6 kuja kosalala mpaka giya yomaliza. Majeti ndatsitsa sitepe imodzi, tayimingi ndatsogoza madigiri awiri, sikugogoda. Mapulagi onse 6 ayamba kufanana, ofiirira, kupatula nambala 6 yomwe yayererapo pang'ono. Madala Jafali, ndilibe mawu, Mulungu akusungeni.

Madala Jafali, Ndirande: Wagwira ntchito mwana wanga. Nambala 6 usainyalanyaze. Injini ikazizira ubwereze kumanga mabawuti a manifodi kuyambira pakati kupita kumapeto, gasiketi yatsopano imakhala pansi ikatenthedwa kangapo. Uyende makilomita 50 uyang'anenso pulagiyo, unditumizire chithunzi.